Amene Adula Mtengo wa Nandolo Wanu Ali Kutsidya kwa Nyanja

Inu alimi a ku Phalombe, kuyambira kunsi kwa phiri la Michesi kufikira kumadambo a nyanja ya Chilwa, nkhani ya sabata ino ndi yanu. Ikafika pabwalo kapena pakalabu, amene adziwa kuwerenga awerenge mokweza kuti amayi ndi agogo amveko, pakuti ndiwo amene athyola, kupuntha ndi kupeta nandolo amene tikamba pano.

Chaka ndi chaka, mwezi wa Ogasiti ukafika, msewu wochokera ku Migowi ndi wa ku Chiringa udzaza ndi njinga zosenza matumba. Pa Boma, pansi pa mitengo ndi m'makonde a sitolo, mupeza anyamata atapachika sikelo zawo. Munthu afika, atsitsa thumba, afunsa mtengo. Chaka china yankho lake likondweretsa, munthu nabwerera kwawo ndi malata. Chaka china angoti kukamwa yasa, namanganso thumba lake panjinga. Pamenepo ambiri a inu muti, "Mavenda atibera." Ena ati, "Boma latitaya." Sitikana kuti alipo mavenda a sikelo zabodza, ndipo za iwo tinena kutsogoloku. Koma mudziwe kuti mnyamata wa sikeloyo sindiye adula mtengo. Iye auzidwa ndi bwana wake wa ku Limbe, ndipo bwana wa ku Limbeyo ayang'ana kutsidya kwa nyanja yamchere, kudziko la India.

Kodi nandolo wanu apita kuti?

Thumba likachoka m'manja mwanu likwera lole kupita ku Limbe kapena ku Blantyre. Kumeneko nandolo apetedwanso ndi makina, nasankhidwa. Wina pang'ono asendedwa makoko ndi kugawidwa pakati komweko, koma wambiri atumizidwa wathunthu. Popeza dziko lathu lilibe doko lakelake, katunduyo adzera kwa anansi athu a ku Mozambique: wina pa njanji yodzera ku Liwonde ndi ku Nayuchi mpaka ku Nacala, wina pa msewu wa ku Mwanza ndi ku Tete mpaka ku Beira. Kumadokoko alowa m'sitima zapamadzi, naoloka nyanja ya Indian Ocean kukatsikira ku Mumbai kapena ku Chennai.

Nanga Amwenye amfuniranji nandolo wochuluka chotere? Yankho lake lili m'mbale. Anthu a ku India apitirira 1.4 biliyoni, ndipo ambirimbiri a iwo sadya nyama, ena chifukwa cha chipembedzo, ena chifukwa cha umphawi. Ndiwo zawo za tsiku ndi tsiku ndi chakudya chimene atcha dal, ndicho chipere chimene amayi athu achidziwa kale, kungoti iwo athirako zokometsera zambiri. Nandolo amutcha tur kapena arhar. Monga inu simuti mwadya ngati simunaone nsima, Mmwenye wa kumudzi sati wadya ngati pa mpunga wake panalibe dal. Iwo alima nandolo woposa dziko lina lililonse pansi pano, makamaka m'zigawo za Maharashtra ndi Karnataka, komabe zaka zambiri sawakwanira. Chopereweracho agula ku Myanmar, ku Mozambique, ku Tanzania, ku Sudan ndi kuno kwathu.

Tsono taonani mwayi umene tili nawo. Mvula ya ku India igwa kuyambira Juni mpaka Seputembala, nthawi imene kuno kuli chisanu ndi fumbi. Iwo abzala nandolo mu Juni ndi Julayi, nayamba kukolola cha mu Disembala. Ndiye kuti miyezi ya Seputembala, Okutobala ndi Novembala nkhokwe zawo zili pafupi kutha, ndiponso ndiyo nyengo ya maphwando awo aakulu, monga la Diwali. Nandolo wa ku Phalombe, wokololedwa mu Julayi ndi Ogasiti, afika kumeneko panthawi yeniyeni ya kusowa. Mwayi wathu wonse wagona pa miyezi itatu imeneyi.

Zaka za malata

Ambiri mukumbukira 2015 ndi 2016. M'zaka za 2014 ndi 2015 mvula inavuta ku India kawiri motsatizana, ndipo nandolo wawo anachepa. Cha mu Okutobala 2015 kilogalamu imodzi ya dal inafika pafupifupi marupi 200 m'masitolo a m'mizinda yawo, anthu nadandaula koopsa. Amalonda anathamangira ku Africa ndi ndalama m'manja. Kuno mtengo unakwera kupitirira K500 pa kilogalamu, imene inali ndalama yaikulu masiku amenewo. Nyumba zambiri za malata zimene muziona m'midzi ya kwa Mkhumba, kwa Nazombe ndi kwa Kaduya zikumbutsa eni ake zaka zimenezo. Bungwe la United Nations nalonso linatcha 2016 chaka cha mbewu za mtundu wa nyemba, ndipo aliyense wolangiza alimi anali kunena mawu amodzi: limani nandolo.

Inu munamvera, ndipo simunalakwe. Koma simunali nokha. Mlimi wa ku Tanzania anamva zomwezo, wa ku Mozambique anamva zomwezo, ndipo choposa zonse, mlimi wa ku India mwini anaona mtengo nakuza munda wake. Mu 2016 mvula inawagwera bwino. Zokolola zawo, zimene chaka chammbuyo sizinafike matani 3 miliyoni, zinapitirira matani 4 miliyoni. Misika yawo inasefukira, mtengo unagwa, ndipo alimi awo anayamba kulirira Boma lawo monga momwe inu mulirira lanu.

Lamulo la pa 5 Ogasiti 2017

Apa pafunika kudziwa chinthu chimodzi cha kayendetsedwe ka ulimi ku India. Chaka chilichonse Boma la kumeneko lilengeza mtengo wotsikitsitsa wa mbewu zazikulu, ndipo mabungwe ake agula gawo la zokolola pa mtengo umenewo kuti mlimi asagwe. Mu 2017 mtengo wa pamsika unatsika kunsi kwa mtengo wa Bomawo. Alimi kumeneko ndi ochuluka zedi, ndipo pa chisankho mavoti awo ndi amene aika kapena kuchotsa atsogoleri. Chotero pa 5 Ogasiti 2017 Boma la India linalamula kuti nandolo wolowa kuchokera kunja asapitirire matani 200,000 pa chaka. Tani imodzi ndi matumba 20 a makilogalamu 50, ndiye kuti matumba 4 miliyoni ochokera m'maiko onse pamodzi. Chiwerengerocho chioneka chachikulu, koma pa tsiku la lamulolo nandolo amene anali atalowa kale chaka chimenecho anali atachikwanitsa. Khomo linatsekedwa.

Yang'anani tsikulo bwino. Pa 5 Ogasiti nandolo wa ku Phalombe anali pamkeka, ali kuuma. Munda unali utalimidwa kale, thukuta litagwa kale, ngongole zitatengedwa kale. Munthu amene anasaina pepala ku New Delhi sanamvepo dzina la Nambazo kapena Mpasa, koma cholembera chake chinafika m'nyumba iliyonse ya kumeneko. Amalonda a ku Limbe anasiya kugula, ndipo ogula ochepa otsalawo anatchula mtengo umene anafuna. M'misika ina, chaka chimenecho ndi chotsatira chake, kilogalamu inatsika kunsi kwa K100. Ana ena anabwezedwa kusukulu za sekondale chifukwa cha fizi. Alimi ena anapsa mtima nazula nandolo m'munda, nati sadzabzalanso.

Anansi athu a ku Mozambique, amene ambiri a inu muli nawo pachibale, anavutika nawonso, koma osati ngati ife. Chifukwa chake n'chakuti mu Julayi 2016 Nduna Yaikulu ya India, a Narendra Modi, anacheza ku Maputo, ndipo maboma awiriwo anasainirana pangano lakuti India azigula nandolo ndi mbewu zina zotere kuchokera ku Mozambique, kuyambira matani 100,000 pa chaka ndi kukwera mpaka 200,000. Lamulo la 2017 silinakhudze pangano limeneli. Ife tinalibe pepala lotere. Nandolo wa ku Milange ndi wa kwa Nkhulambe ndi mmodzimodzi, amwa mvula imodzi, koma wina anali ndi khomo lolowera, wina analibe. N'chifukwa chake matumba ena anayamba kuoloka malire m'njira zachidule. Zimenezo ndi zoswa lamulo, ndipo phindu lake linapita kwa oolotsa, osati kwa wolima.

Mwina mufunsa kuti, kodi palibe bwalo lozengera milandu yotere? Liripo. Ku Geneva kuli bungwe loona za malonda a pakati pa maiko, la World Trade Organization, limene linayamba mu 1995, ndipo Malawi ndi India onse ali m'menemo. Maiko olima nyemba zambiri, monga Canada ndi Australia, anafunsa India kangapo kumeneko za malamulo ake otsekera mbewu zakunja. Koma zokambirana za kumabwalo otere zitenga zaka, pamene anankafumbwe afuna masabata ochepa okha kuti athe thumba. Ndipo tinene zoona: Boma la India linachita zimene inu mukadafuna kuti Boma lanu lichite, ndiko kuteteza alimi ake. Kuipa kwake kunali kwakuti linachita modzidzimutsa, anzawo atakolola kale.

Pangano la 2021

Patapita zaka zinayi zinthu zinatembenukanso. Nandolo anayamba kuperewera ku India, ndipo mu Meyi 2021 Boma lawo linatsegula khomo lija. Mu Juni chaka chomwecho Malawi ndi India anasainirana pangano la zaka zisanu, lofika mu Malichi 2026, lakuti India azilola matani 50,000 a nandolo wa ku Malawi chaka chilichonse. Amenewo ndi matumba 1 miliyoni. Mu 2023 ndi 2024 mtengo unakweranso, ndipo amene sanazule nandolo wawo anaseka.

Koma pano mumvetse bwino, pakuti ambiri anasokonezeka. Pangano lotere silinena kuti Boma la India lidzabwera ndi ndalama pa Phalombe kudzagula matumba anu. Silitchulanso mtengo. Lingoti khomo likhala lotsegula kufikira pa muyeso wakutiwakuti, ndipo ogula ndi amalonda wamba, amene agula akaona phindu, nasiya akaona kuti palibe. Umboni wake ndi uwu: mu Disembala 2023 India analola nsawawa zachikasu za ku Canada ndi ku Russia kulowa popanda msonkho. Nsawawazo n'zotsika mtengo, ndipo osauka ambiri anayamba kuphika zimenezo m'malo mwa nyemba zodula. Pofika 2025, zokolola zawo zitakhalanso bwino, mtengo wa nandolo unatsika kumeneko, ngakhale khomo linali lotsegula. Amene apikisana nanu sali pamudzi woyandikana nawo okha ayi. Wina ali pa thirakitala m'minda ya ku Canada.

Chinanso choti muchisunge m'mutu ndi ichi. Mu Febuluwale 2025 Boma la India linalengeza ntchito ya zaka 6 yofuna kuti dziko lawo lizidzidalira pa mbewu za mtundu wa nyemba, ndipo nandolo anatchulidwa poyambirira. Pa zokolola za 2025 mpaka 2026 linaika mtengo wotsikitsitsa wa marupi 8,000 pa makilogalamu 100. Kaya adzakwanitsa kaya sadzakwanitsa, pakuti mvula silamulidwa ndi nduna, cholinga chawo achinena poyera: afuna tsiku lina asadzagulenso kwa ife. Wogula akakuuza yekha kuti ali kulima munda wake, iwe usamange nyumba yonse pa ndalama zake.

Nyanja yomweyo ibweretsanso zina

Si mtengo wa nandolo wokha umene uchokera kutali. Mu Febuluwale 2022 nkhondo inabuka pakati pa Russia ndi Ukraine. Russia ali m'gulu la maiko ogulitsa feteleza wambiri, ndipo feteleza wa urea apangidwa ndi gasi amene naye anakwera mtengo. Feteleza, amene anali atayamba kale kudula, anadulirapo. Kenaka kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 25 pa 100 aliyense mu Meyi 2022, ndiponso ndi 44 pa 100 mu Novembala 2023. Popeza feteleza wathu agulidwa kunja ndi madola, thumba limene kale munali kuligula mutagulitsa mbuzi imodzi linayamba kufuna khola. Makuponi safika kwa aliyense, ndipo zimenezo muzidziwa kuposa ife.

Za namondwe wa Freddy sitichulutsa mawu, pakuti mabala ake sanapole. Akuluakulu anali akukumbukirabe napolo wa mu Malichi 1991, amene anatsika m'phiri la Michesi ndi kupha anthu mazanamazana, pamene mu Malichi 2023 madzi, matope ndi miyala zinatsikanso, kukokolola midzi, minda ndi milatho. Namondweyo anabadwira kufupi ndi Australia, naoloka nyanja yomwe ija imene nandolo wanu aoloka popita ku Mumbai. Chaka chotsatira kunabwera ng'amba, ndipo mu Malichi 2024 Boma linalengeza kuti maboma 23 mwa 28 ali pangozi ya njala.

Ng'amba imeneyo akatswiri a zanyengo aitcha El Niño. Iyamba pamene madzi a nyanja ya Pacific atentha kuposa nthawi zonse, ndipo isokoneza mvula m'maiko ambiri nthawi imodzi. Tsono apa pali chinthu chodabwitsa chimene mlimi wochenjera angapindule nacho. El Niño kawirikawiri achepetsa mvula ya ku India poyamba, m'miyezi ya Juni mpaka Seputembala, kenaka nadzachepetsa yathu kuyambira Disembala. Zinatero mu 2015 ndi 2016, zinateronso mu 2023 ndi 2024. Ndiye kuti chaka chimene chimanga chanu chipserera ndicho kawirikawiri chaka chimene Amwenye asowa nandolo ndi kulipira bwino. Ndipo nandolo, ndi muzu wake wautali uja, apirira dzuwa limene lipha chimanga. Sitinena kuti zitero nthawi zonse, koma zachitika kokwanira kuti munthu aziganizire.

N'chifukwa chake ife tiona kuti amene anazula nandolo mu 2018 analakwa, ngakhale mkwiyo wawo unali womveka. Mbewu imeneyi ili ndi ntchito zina zimene lamulo la ku New Delhi silingazikhudze. Mukazula tsinde lake muona timaphundu tating'ono pa mizu. M'menemo mukhala tizilombo tosaoneka ndi maso timene titenga chakudya cha mbewu mumpweya ndi kuchiika m'nthaka, chakudya chomwecho chimene mugula m'thumba la urea. Masamba ake akayoyoka asanduka manyowa. Muzu wake uboola nthaka yolimba ya pansi pa mizere kuti madzi alowe. Mitengo yake ndi nkhuni, ndipo amayi a m'chigwa cha Phalombe adziwa kutalika kwa ulendo wa kunkhuni masiku ano. Pamwamba pa zonsezi, ndi ndiwo: wauwisi wophika ndi makoko ake, wouma, kapena chipere cha ana. Makolo anu Achilomwe ndi Amang'anja anali kubzala nandolo pakati pa chimanga, mapira ndi chinangwa kalekale, sitima za ku Mumbai zisanayambe kumufuna.

Nanga mlimi achite chiyani?

Mvula ya ku Maharashtra simungaisinthe, lamulo la ku New Delhi simungalifafanize. Ntchito yokambirana mapangano ndi kufunafuna misika ina ndi ya Boma, ndipo muli ndi ufulu wofunsa aphungu anu ndi a bungwe la alimi a nandolo, la Nandolo Farmers Association, kuti nkhaniyo ili pati. Afunseni ndithu. Muwafunsenso za makina osendera nandolo kuno kwathu, pakuti dal wosendasenda angagulitsidwe kumaiko ena kumene kukhala Amwenye, osati ku India kokha, ndipo madeya ake atsala kuno kudyetsa ziweto. Koma zilipo zina zimene zili m'manja mwanu.

Choyamba ndi sikelo. Kale ADMARC, imene inakhazikitsidwa mu 1971, ndiyo inali kugula mbewu za alimi ang'onoang'ono. Mu 1987, potsata uphungu wa World Bank ndi IMF, amalonda wamba analoledwa kugula, ndipo kuyambira pamenepo mlimi aima yekha pamaso pa venda. Munthu mmodzi wa thumba limodzi, amene wapalasa njinga kuchokera kwa Jenala ndipo mwana ali kudwala kunyumba, alibe mawu. Alandira chimene apatsidwa. Koma mutu umodzi susenza denga. Anthu 40 a kalabu imodzi akaunjika matumba 200 pamalo amodzi, lole ibwera yokha kuchokera ku Limbe, ndipo phindu limene likadatsalira anthu awiri kapena atatu apakati likhala lawo. Kalabu igule sikelo yakeyake, muyeze kunyumba musananyamuke. Sikelo ya wogula iyenera kukhala yoyesedwa ndi a Malawi Bureau of Standards. Muli ndi ufulu wopempha kuona chizindikiro chake. Za kugulitsa pa ndowa kapena pa chitini chophwanyidwa m'mbali kuti chikule mimba, zisiyeni. Unduna wa Zaulimi ulengeza mitengo yoyambira chaka chilichonse. Muidziwe, ngakhale tivomereza kuti si nthawi zonse ogula aitsata.

Chachiwiri ndi ukhondo wa mbewu. Alipo alimi amene athira mchenga kapena timiyala m'thumba, kapena kuwaza madzi kuti lilemere, nati achenjera. Wogula adziwa zimenezo, ndipo adula mtengo wa onse, wachilungamo ndi wachinyengo pamodzi. Makina a ku India afuna nandolo wouma bwino, wa maso aakulu ofanana, wosafumbwa. Dzina la dziko likaipa kudoko, aliyense alipira.

Za mbewu yobzala, funsani alangizi a ku Naminjiwa, ku Waruma, ku Tamani kapena kumene muli pafupi. Bungwe lofufuza la ICRISAT, limene likulu lake lili kufupi ndi Hyderabad ku India komweko ndipo ligwira ntchito ndi akatswiri athu ku Chitedze, linathandiza kutulutsa mitundu yopirira matenda ofota: Sauma mu 1987, kenaka Kachangu, ndi Mwaiwathualimi amene acha msanga kuposa nandolo wamakolo. Kucha msanga kuli ndi ubwino wake, pakuti mukolola mbuzi zisanamasulidwe. Ndipo poti tatchula mbuzi, mafumu atithandize. Chimanga chikangochoka m'munda anthu amasula ziweto ngati kuti m'mundamo mwatha, chonsecho nandolo ali maluwa. Mudzi umene ugwirizana lamulo la mbuzi ukolola kuposa mudzi umene anthu angotukwanizana madzulo.

Chovuta kwambiri ndi kudziwa nthawi yogulitsa. Wogulitsa nandolo ali m'munda, kapena wotenga katapila mu Febuluwale kuti adzabweze ndi matumba, wagulitsa pa mtengo wa njala. Wogulitsa sabata yoyamba ya kukolola, pamene aliyense ali pamsewu ndi njinga, apezanso mtengo wotsika. Kudikira pang'ono kawirikawiri kuthandiza, makamaka ngati muli ndi matumba osalowa mpweya, monga a PICS, amene apha anankafumbwe popanda mankhwala, kapena ngati kalabu yanu ingasungitse katundu kunyumba zosungiramo mbewu za bungwe la ACE ndi kulandira chiphaso. Komatu nandolo si chimanga, chimene chikwera mtengo mpaka Febuluwale. Kumbukirani miyezi itatu ija. Thumba lochoka pa Phalombe lifuna masabata angapo kuti lifike ku Mumbai, ndipo amalonda safuna kuti katundu wawo akakumane ndi zokolola za Amwenye mu Disembala. Wosunga mpaka Khirisimasi poyembekeza mtengo wa kumwamba angapeze kuti ogula apachika sikelo zawo m'nyumba.

Musanatengere thumba lililonse kumsika, patulani la pakhomo ndi la mbewu. Tamva za mabanja amene anagulitsa nandolo yense mu Ogasiti, nadzagula nyemba pa mtengo wowirikiza mu Januwale. Ndiponso chaka cha mtengo wabwino chisakunyengeni kuti muchotse chimanga, chinangwa, mbatata, mpendadzuwa kapena mtedza kuti munda wonse ukhale nandolo. Zimene zinachitika mu 2017 zinatsatira zaka ziwiri za mtengo wokoma, ndipo mtengo wokomawo ndiwo unachititsa alimi a maiko onse kubzala mopitirira. Mukaona mtengo wakwera kwambiri chaka chino, dziwani kuti mnzanu wa ku Karnataka wauonanso.

Masiku ano pafupifupi mudzi uliwonse uli ndi wailesi, ndiponso mnyamata kapena mtsikana wa foni yolowa pa intaneti. Kalabu iliyonse isankhe mmodzi wotere, ndipo mu Julayi, musanayambe kupuntha, afufuze zinthu zitatu: kodi mvula ya ku India yagwa bwanji, kodi alimi a kumeneko abzala nandolo wambiri kapena wochepa, ndipo kodi Boma lawo lanenapo chiyani za nandolo wochokera kunja. Nkhani zimenezi zilembedwa poyera m'nyuzipepala zawo za Chingerezi, ndipo bwana wa ku Limbe aziwerenga m'mawa uliwonse asanaimbire foni anyamata ake a pa Boma. Zimene wapezazo akazinene pamsonkhano wa kalabu, alangizi ali pomwepo, kuti mugwirizane tsiku loitana lole.